Galu akamalira mwini atachoka, si malodza ayi

Ine ndine mlimi wa mbatata ya kachewere konkuno ku Fonte Boa. Ndaima pano pa nkhani ya galu, chifukwa inatsala pang'ono kundidanitsa ndi anansi.

Galu wanga Kambuku anakulira kubusa, tsiku lonse ali ndi mwana wanga woyamba. Mu February mwanayo anapita kusukulu yogonera konko, ng'ombe ndinakasungitsa kwa achimwene. Ine ndi mayi akunyumba tikamalawirira kudimba, galu tinkamumanga pamtengo wa pichesi. Tikangopota, kulira kwayambika mpaka masana. Chingwe kutafuna, pakhonde kukumba, chakudya osadya. Ena anati akuitana maliro. Wina anachita kundiuza maso ndi maso kuti amuthirira tameki.

Ine ndinkati ndi mwano, ndiye pobwera ndinkamukwapula. Eetu, zinangoipiraipira. Galu sadziwa kuti chikwapu cha madzulo ndi cha chingwe chimene anadula m'mawa. Amene anandimasula ndi alangizi a ziweto. Anati galuyu sanakhalepo yekha chibadwire, ndiye tikachoka amaopa kuti tamutaya.

Ndinayamba kumuzoloweza pang'onopang'ono. Ndimatenga khasu, kuzungulira kuseri kwa nkhokwe, mphindi 2 ndabwera. Mawa lake mphindi 5, kenako 10, mpaka ola lathunthu. Akayamba kulira, ndiye kuti ndathamanga, ndimabwerera pa nthawi yochepa ija. Nthawi zina ndimanyamula khasu n'kukhala pansi osapita kulikonse, kuti asamati khasu ndiye kusiyidwa. Masiku amenewo apongozi ankakhala naye ife tikapita kutali.

Pochoka sinditsazika, pobwera sindichita naye phokoso. Ndimayamba ndayenda naye kukatunga madzi kuti atopeko. Ndimamusiyira madzi, mthunzi, fupa lalikulu la ng'ombe, osati la nkhuku limabaya pakhosi, ndi malaya akale a mwana uja kuti azimva fungo lake. Chingwe ndinachotsa, ndinamanga kampanda. Mwezi usanathe anansi anayamba kundifunsa ngati galu ndinagulitsa ku Ulongwe.

Koma chenjerani, anzanga. Galu wa mantha amakhazikika mwini akabwera. Amene wasintha khalidwe inu muli pomwepo, dovu likuchucha, akuluma chilichonse, chingakhale chiwewe. Musamugwire, kauzeni alangizi. Munthu akalumidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Katemera wa agalu akamulengeza pa wailesi, tisamazembe.

Galu ndiye mlonda wa nkhokwe ndi khola lathu. Tisanamuphe chifukwa cha kulira, tiyambe tafunsa kuti chasintha n'chiyani pakhomo. Amene ali ndi vuto ngati langali andipeze tikaweruka.