Musanavomere Mtengo, Funsani Muyezo

Mawu amene mphunzitsi wa Física analankhula pa msonkhano wa kalabu ya omvera wailesi ku Zóbuè, m'boma la Moatize.

Mwandipempha kuti ndikambe za phunziro limene ana athu amakumana nalo akangoyamba Física ku sekondale, phunziro la miyezo. Ena mukuti, ife sukulu tinasiya kalekale, zimenezo n'za ana. Ayi ndithu. Aliyense wogulitsa chimanga, nyemba kapena kachewere, aliyense wolemba aganyu, mayi aliyense womwetsa mwana mankhwala, phunziro limeneli ndi lake.

Lamulo loyamba ndi ili: nambala payokha sinena kanthu. Ife a pamalire pano lamuloli timalidziwa kale. Munthu akakuuzani kuti "ndikupatsani 500", kodi mumangovomera? Mumafunsa msangamsanga kuti makwacha kapena mametikali. Funso lomwelo ndi limene timaphunzitsa ana. Mwana akalemba yankho loti 20 basi, ife timathetha, chifukwa sitikudziwa ngati ndi mamita, malita kapena makilo.

Lamulo lachiwiri: chinthu chilichonse chili ndi muyezo wakewake. Utali timayeza ndi mita, nthawi ndi sekondi, kulemera ndi kilogalamu. Lita imatiuza malo amene chinthu chadzaza m'chotengera. Choncho lita ndi kilo ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo simungaziphatikize monga simungaphatikize mbuzi ndi makasu.

Apa ndi pamene ambiri timagwera pa msika. Lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi, ndiye lata ya malita 20 yodzaza madzi ndi makilo 20. Koma chimanga si madzi. Pakati pa maso a chimanga pamakhala mipata ya mpweya. Lata yomweyo mukathira chimanga chouma n'kusalaza pakamwa, imalemera makilo 14 kapena 15. Thumba la makilo 50 limadya malata osalaza pafupifupi atatu ndi theka.

Tingoyerekeza. Wogula wina akuti akupatsani mametikali 15 pa kilo, wina akuti mametikali 250 pa lata. Wabwino ndi uti? Ngati lata ili yosalaza ndipo yalemera makilo 15, pa sikelo mukanalandira 225, ndiye wa lata uja wakuchitirani bwino. Koma akaumirira kuti muunjike mulu pamwamba, lata n'kufika makilo 18, pa sikelo mukanalandira 270. Mwataya mametikali 20 pa lata iliyonse. Malata 30 ndi mametikali 600, ndalama yogulira makope a ana. Ndipo tonse tikudziwa kuti malata ena anamenyedwa pansi ndi hamala kuti mimba ikule. Lata si muyezo wa boma. Kilo ndiye muyezo wa boma.

Nayo sikelo, imene ena timati balansa, imatha kunama. Chitani zinthu zitatu. Choyamba, onani kuti muvi uli pa 0 musanakoleke thumba. Chachiwiri, nyamulani paketi ya shuga ya kilo imodzi yosatsegula, kapena chigubu cha madzi cha malita 5, mukoleke. Chigubucho chiyenera kuonetsa makilo 5 ndi pang'ono pokha chifukwa cha pulasitiki. Chikaonetsa 4, tengani katundu wanu mupite kwina. Chachitatu, werengani nokha, diso lanu lilunjike pa muvi, osati kuonera m'mbali. Kuno ku Mozambique bungwe loyang'anira miyezo ndi INNOQ, limene linakhazikitsidwa mu 1993, ndipo kutsidyaku kuli Malawi Bureau of Standards, la mu 1972. Kuyesa sikelo si chipongwe, ndi ufulu wanu.

Tsopano tipite kumunda. Alangizi athu amawerenga minda mu mahekitala, pamene abale athu a ku Mwanza ndi mawailesi a ku Malawi amene timamvera kuno amatchula kawirikawiri maekala. Hekitala ndi munda wa mamita 100 mulitali ndi mamita 100 mulifupi. Mu hekitala imodzi muli maekala awiri ndi theka, kuchotsako pang'ono chabe. Mukamva malangizo oti matumba 2 a feteleza pa ekala, pa hekitala ndi matumba pafupifupi 5. Mukasokoneza, mbewu ifa ndi njala, kapena muitentha ndi feteleza wochuluka.

Mvetserani bwino apa, chifukwa ngakhale ana amalakwa pa mayeso. Theka la hekitala si mamita 50 uku ndi 50 uku. Chulukitsani: 50 kuchulukitsa ndi 50 ndi 2,500, pamene hekitala yonse ndi 10,000. Ndiye munda umenewo ndi gawo limodzi mwa magawo 4. Theka lenileni ndi mamita 100 uku ndi 50 uku. Mukadula mbali zonse ziwiri pakati, munda umachepa kanayi. Inu olemba aganyu ndi inu ogwira ganyu, milandu yambiri imene imafika kwa amfumu imayambira pamenepa. Pezani chingwe cha mamita 10 choyezedwa ndi tepi, kalabu izisunga, aliyense azibwereka.

Amayi, nkhani ya mankhwala ndiyo yoopsa kuposa zonse. Kuchipatala akanena kuti mamililita 5, ndiye kasupuni ka tiyi. Supuni yaikulu ndi mamililita 15, katatu konse. Komanso masupuni a m'nyumba mwathu ndi osiyanasiyana. Gwiritsani ntchito kachikho kapena kasirinji koyezera kamene kamabwera ndi botolo. Pa botolo pamalembedwa ml ndiponso mg. Zilembo ziwirizi zikuoneka zofanana koma si chimodzi: ml ndi kuchuluka kwa madzi amene mwana amwe, mg ndi kulemera kwa mankhwala amene ali m'madzimo. Musachoke pa zenera musanamvetse. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Mwina mukufunsa kuti miyezo imeneyi inachokera kuti. Kale mtundu uliwonse unali ndi yake: phazi, mkono, dengu. Koma mikono ya anthu siifanana. A ku France ndiwo anayambitsa mita m'zaka za m'ma 1790, Portugal inavomera miyezoyi mu 1852, ndipo mu 1875 mayiko 17 anasaina pangano la mita ku Paris. Mu 1960 anagwirizana ndondomeko yotchedwa SI, imene ana athu amaphunzira. Ku Malawi kunali Angerezi, n'chifukwa chake ekala ndi mailosi zinakhazikika pakamwa pa anthu. Mailosi imodzi ndi kilomita imodzi ndi mamita 609. N'chifukwa cha mgwirizano umenewu kuti malasha a ku Moatize akakwera sitima kupita ku Beira kapena ku Nacala, wogula wa ku India sakangana ndi wogulitsa: tani imodzi ndi makilo 1,000 kulikonse.

Musaganize kuti osokoneza ndi osaphunzira okha. Mu 1999 bungwe la NASA la ku America linataya chombo chotchedwa Mars Climate Orbiter, chimene chinatumizidwa ku Mars, chifukwa gulu lina la akatswiri linawerengera mu miyezo ya Chingerezi pamene anzawo ankaganiza kuti ndi ya SI. Ndalama zankhaninkhani zinapita chifukwa chosafunsana.

Pempho langa kwa kalabu ndi ili. Tisonkhe tigule sikelo imodzi ndi tepi imodzi nyengo yokolola isanafike. Aliyense ayeze lata yake kamodzi, alembe makilo ake pambali ndi penti. Ndipo mwana wanu akabwera ndi kope la Física, mutengeni ku msika akakuwerengereni. Ndaima pomwepa kuti ndimve mafunso.