Magazi m'mikodzo si chizindikiro cha kukula



Tikakumana chonchi timakonda kukamba za Edzi yokha. Lero ndiyamba ndi likodzo, ndipo muona posachedwa kuti sindinasochere.

Kuno kwathu madzi sitingawathawe. Timasamba kunyanja, timachapa kumtsinje, ena timakhala tsiku lonse m'madzi powokera mpunga ku sikimu ya Bwanje imene imamwa madzi a Namikokwe. M'madzi odekha oterewa mumakhala nkhono zimene zimasunga tizirombo ta likodzo. Tizirombo timeneti sitidikira kuti umwe madziwo ayi, timalowera pakhungu. Tikakula m'thupi timaikira mazira m'chikhodzodzo, ndipo mazirawo ndi amene amachititsa kuti munthu azikodza magazi. Ndimamvabe anyamata ena akuti kukodza magazi ndiye kukula. Bodza limenelo! Ndi matenda, ndipo mankhwala ake alipo.

Tsono mvetserani apa, makamaka inu achemwali. Mazira aja sathera m'chikhodzodzo mokha. Kwa atsikana amafika m'njira ya chiberekero ndi kuyambitsa tizilonda timene munthu sangatione. Mtsikana amamva kuyabwa, kupweteka m'chinena, kapena kutaya magazi pamene si nthawi yake. Anthu amangoti watenga matenda opatsirana pogonana, mwina mwanayo sanagonepo ndi mwamuna aliyense. Ena amadzavutika kubereka m'tsogolo, mlandu n'kugwera ufiti. Ndipo tizilonda tija tili ngati khomo losatseka: akadzagonana ndi munthu amene ali ndi kachirombo ka HIV popanda kondomu, kachiromboko sikavutika kulowa. Mwaona pamene likodzo lakumanirana ndi Edzi?

Mankhwala a likodzo ndi praziquantel, aja amagawa kusukulu atakuyeza msinkhu pa ndodo. Ena amawathawa ati amachititsa chizungulire. Idyani kaye nsima kapena phala musanamwe, si nkhani ayi. Vuto ndi lakuti ambiri a ife tinasiya sukulu, choncho kugawa kwa kusukulu kumatidutsa. Ifeyo tiyenera kupita tokha kwa alangizi a zaumoyo kapena kuchipatala, akayeze mikodzo. Ndipo kumwa kamodzi si katemera. Ukabwerera m'madzi omwewo ukhoza kutenganso.

Za kuyezetsa magazi, ndikudziwa chimene chimatigwira miyendo. Si mtunda wokha wochoka kumudzi kukafika ku Mua kapena ku chipatala cha Mtakataka, ngakhale kuti nthawi ya dzinja mitsinje ikadzaza ulendowo ndi wovutadi. Ndi maso a anthu. Timaopa kuti azakhali atiwona pamzere, madzulo nkhani yafika kale pa chitsime. Koma zinthu zinasintha. Kale munthu akamva kuti ali ndi kachirombo ankangoyembekeza imfa. Kuyambira 2004 boma linayamba kupereka ma ARV ulere, ndipo kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi kachirombo amayamba mankhwala osadikira kuti adwale kaye. Palinso kachipangizo kodziyezera wekha: umapaka ku nkhama, n'kudikira mphindi 20. Kakasonyeza mizere iwiri usathamangire kulira kapena kuloza munthu chala. Pita kuchipatala akatsimikize ndi magazi. Ndiponso wazaka 13 kapena kuposa akhoza kuyezetsa osadikira chilolezo cha makolo.

Chimodzi chimene ambiri sadziwa ndi ichi. Mnzanu akagwiriridwa, kapena kondomu ikaphulika, pali mankhwala oteteza otchedwa PEP, koma ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Masiku atatu basi. Musataye masikuwo ndi kukambirana za m'banja. Chipatala choyamba, bwalo pambuyo.

Chifuwa nacho tisachinyoze. Munthu akakhosomola milungu iwiri, akutuluka thukuta usiku, akuwonda, apereke makhololo akayezedwe TB. Mankhwala ake ndi aulere ndipo amachiza, bola kumaliza miyezi 6 yonse.

Ntchito yathu ngati kalabu ndi iyi. Mlangizi wa zaumoyo mmodzi amayang'anira midzi ingapo, sangagogode khomo lililonse. Mwezi uno mlembi wa kalabu iliyonse akakumane ndi mlangizi wa dera lake, amufunse tsiku limene achipatala adzabwere ku sikelo ya kumudzi, ndiponso ngati tsiku lomwelo angabweretse zoyezera HIV ndi timabotolo ta makhololo. Mukadziwa tsikulo kauzeni amfumu kuti alengeze, muuzenso aphunzitsi ndi akumpingo. Pemphani chipinda cha sukulu chokhala ndi chitseko, osati pansi pa mtengo pamene aliyense akuona nkhope ya wotuluka. Anyamata a kunyanja muwapeze m'mawa akangofika ndi mabwato, chifukwa masana amakhala ali mtulo.

A wapampando, amene ali ndi funso koma akuchita manyazi alembe pa kapepala osaika dzina, aponye m'katoni ili pakhomopo. Tiyankha tikatha kumwa thobwa.