Chitsime Chimodzi, Makompyuta Ambiri

(Awa ndi mawu amene mnzathu wa m'gulu lomwe linalemba mayeso a Folomu 4 mu 1998, yemwe tsopano akugwira ntchito m'boma, anayankhula pa msonkhano wathu wa pachaka.)

 Ine si katswiri wa makompyuta ayi, ntchito yanga ndi ya mafayilo ndi malipoti. Koma komiti itamva kuti kunyumba kwanga ku Njuli makompyuta atatu amamwera chitsime chimodzi, inati ndibwere ndidzafotokoze, popeza nkhani yoika intaneti pa sukulu yathu ino yakanika pa misonkhano iwiri tsopano chifukwa choopa mtengo.

Pamene kampani ya MalawiNet inkayamba kugulitsa intaneti mu 1997, ine ndinali mu Folomu 3 pompano, ndipo kompyuta ndinali ndisanaikhudzepo. Ndinakaiona bwino ku Chancellor College. Masiku amenewo intaneti inkadzera pa nthambo ya lamya, kompyuta imodzi pa nthambo imodzi, ndipo wina akakhala pa intaneti lamyayo sinkalowa. Maganizo amenewa ambiri a ife sanatichoke. Tikamva kuti m'chipinda muli makompyuta 15, mumtima timawerengera mabilu 15.

Inenso ndinali momwemo. Ine ndinkagula bandulo yanga, mayi a kunyumba yawo, mnyamata wathu amene akuphunzira ku Catholic University ku Nguludi yakenso, koma ndalama zonsezo zinkachokera m'thumba limodzi. Tsiku lina ndinakhala pansi n'kuwonkhetsa za mwezi wathunthu, ndipo ndinachita manyazi. Timabandulo ting'onoting'ono timaoneka totchipa pogula, koma mukayerekeza ndi bandulo yaikulu ya pamwezi mupeza kuti mukugula shuga wa pa supuni pamene paketi ilipo.

Mankhwala ake ndi kabokosi kotchedwa rauta. Kuti mumvetse ntchito yake, kumbukirani thumba la makalata la pa sukulu pano. Tonse, mazanamazana, tinkalemba keyala imodzi. A positi ankangodziwa keyala imeneyo, sankadziwa kuti uyu amagona hositelo iti. Thumba likafika, pulifekiti ankaimirira m'holo yodyera n'kumaitana mayina, aliyense n'kulandira yake. (Ena muno ankalandira makalata onunkhira mafuta sabata iliyonse, koma lero sinditchula mayina poti abwera ndi mabanja awo.) Rauta ndiye pulifekiti ameneyo. Kunja imadziwika ndi keyala imodzi ndipo imalipira bilu imodzi. M'kati imapatsa kompyuta iliyonse nambala yakeyake, ndipo zimene kompyuta yapempha zikafika, imazipereka kwa mwini wake osasokoneza. Marauta amene amagulitsidwa ku Limbe ndi ku Blantyre ambiri amalowa simukhadi ya TNM kapena Airtel monga foni, choncho nthambo ya lamya sifunikanso.

Kuchokera pa rauta kupita pa kompyuta pali njira ziwiri, ya nthambo ndi ya mumlengalenga imene timaitcha Wi-Fi. Ya Wi-Fi ndi yosavuta koma ili ndi adani: makoma a njerwa zowotcha, zitseko zachitsulo ndi malata. Ine poyamba rauta ndinaibisa kuseri kwa kabati kuchipinda poopa akuba, ndipo pabalaza intaneti inkangofika mwa apo ndi apo. Nditaiika pamwamba, chapakati pa nyumba, vuto linatha. Pa kompyuta yosasuntha, monga za m'chipinda cha ana athu pano, ine ndikuti tigule nthambo. Siitopa, siona khoma, ndipo imodzi imatha kuyenda mpaka mamita 100. Mabowo a pa rauta akachepa, pali kabokosi kena kotchedwa switch kamene kamawachulukitsa, ndipo sikafuna bilu ina.

Tsono walira mvula walira matope. Mwezi woyamba bandulo yathu yaikulu ija inatha m'masiku asanu ndi anayi. Tinalozana zala m'nyumba, ndipo mnyamata ndiye anasenza mlandu, pamene wakuba weniweni anali kompyuta yanga yomwe. Windows imadzitengera yokha zatsopano popanda kupempha, ndipo makompyuta akakhala atatu iliyonse imatenga zake. Pali malo pamene mumaiuza kuti intaneti iyi ndi yoyezera, pa Chingerezi metered connection, ndipo mukatero imadziletsa. Chachiwiri ndi mawu achinsinsi. Rauta imabwera ndi ake olembedwa kunsi kwake, ndipo mlendo aliyense woitembenuza amawawerenga. Asintheni tsiku loyamba lomwelo. Ine ndinachedwa, ndipo madzulo anyamata a m'mudzi ankakonda kukhala pakhonde la golosale yoyandikana nafe, mitu ili pa mafoni, ine n'kumati ndi ana ofatsa.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi mphenzi. Inu nonse mukudziwa mvula ya kuno kunsi kwa phiri la Chiradzulu. Mnyamata wina amene ndinamulemba ganyu anayendetsa nthambo panja, kuchokera kunyumba yaikulu kupita ku kanyumba ka kuseri, atangoikoleka pa mtengo wa mango. Mvula yoyamba ya Disembala inapsereza rauta pamodzi ndi kompyuta ya mayi, mmene munali mayeso a ana a kalasi lawo. Za m'nyumba mwanga sabata imeneyo musandifunse. Nthambo yodutsa pakati pa nyumba ziwiri iikidwe ndi munthu wodziwa, ndipo kunja kukayamba kugunda, zulani mapulagi. Kuzima kwa magetsi kokha si vuto lalikulu, chifukwa rauta imadya moto wochepa ndipo batire ya sola imaiyendetsa.

Ena mwandifunsa panja za Starlink, imene inafika m'Malawi mu 2023. Imagwira ngakhale kumene kulibe nsanja ya mafoni, koma zipangizo zake ndi zodula ndipo bilu yake imabwera mwezi ndi mwezi. Maganizo anga ndi akuti tiyambe ndi zimene thumba lathu lingathe. Dera lathu ndi la mapiri, netiweki imene imagwira bwino ku Mbulumbuzi mwina ku Namitambo imavuta, choncho tisagule kanthu tisanayese masimukhadi onse awiri m'chipinda chenichenicho.

A Hedimasitala, nyumba za aphunzitsi zidzapempha nawo, ndipo ndi bwino tigwirizane lero. Kugulitsa intaneti ndi bizinesi yofuna chiphaso cha MACRA, ndiye bungwe lathu lisalowe m'zotolera ndalama kwa anthu oyandikana nawo. Komanso simukhadi imalembetsedwa m'dzina la munthu, ndipo mwana akalemba zonyoza pa intaneti, woyamba kufunsidwa ndi mwini dzinalo. Ilembetsedwe m'dzina la sukulu, ndipo mawu achinsinsi asunge mphunzitsi mmodzi.

Chimene ndikupempha kwa a Msungichuma ndi ndalama ya rauta imodzi, switch imodzi, nthambo, ndi bandulo ya teremu imodzi yoyesera. Loweruka likubwerali ndidzabwera ndi tepi kudzayeza kuchokera ku ofesi kufika ku chipinda cha makompyuta. Ndikufuna anthu awiri odzandigwirira tepiyo, ndipo mmodzi akhale ndi simukhadi yosiyana ndi yanga.