Nsima Yokha Siimanga Thupi

Abale ndi alongo, inu amene mumalawirira m'bandakucha kukathyola zipatso m'minda ya eni kapena kukasamala nyumba za mabwana, lero tikambirane za mbale imene mumadyera.

Minofu, magazi ndi khungu lathu zimamangidwa ndi mapuloteni, ndipo mapuloteniwo amalumikizidwa ndi tizidutswa tamitundu 20 totchedwa ma amino asidi. Mitundu 11 thupi limadzipangira lokha. Mitundu 9 yotsalayo silingaipange, choncho iyenera kuchokera m'chakudya. Chimanga chili nayo puloteni ndithu, koma mitundu iwiri, lysine ndi tryptophan, ilimo yochepa kwambiri. Munthu wodya nsima ndi kabichi tsiku ndi tsiku amakhuta, koma thupi lake limakhala likusowa zomangira.

Ena mwa inu mukukumbukira misasa ya othawa nkhondo ya ku Mozambique m'boma la Nsanje. M'chaka cha 1990, mtedza utasowa pachakudya chimene ankagawiridwa, anthu oposa 18,000 mwa othawa kwawo ku Malawi anadwala pellagra. Khungu linkada ndi kusendeka m'malo owombedwa ndi dzuwa, m'mimba munkatseguka, ena mutu unkasokonezeka. Matendawa amabwera thupi likasowa vitamini wotchedwa niacin, amene limathanso kudzipangira kuchokera ku tryptophan uja. Anthu amenewo sankagona ndi njala, ufa unalipo.

Mankhwala ake si odula, ndipo makolo athu ankawadziwa ngakhale sankatchula mayina amenewa. Nyemba, nandolo, khobwe ndi soya zili ndi lysine wambiri amene chimanga chikupereŵera, ndipo chimanga chimakwaniritsa methionine amene ali wochepa m'nyemba. Sikofunika kuti zikumane m'mbale imodzi, bola zidyedwe tsiku lomwelo. Dzira, mkaka, kapenta kapena usipa zili ndi mitundu 9 yonse mokwanira. Nsinjiro m'ndiwo zamasamba musaziderere.

Tsono pali mbali yokhudza malipiro. Ku South Africa, lamulo la antchito a m'mafamu, Sectoral Determination 13, limalola bwana kudula ndalama zosapitirira 10 peresenti ya malipiro anu chifukwa cha chakudya chimene amakupatsani nthawi zonse. Ngati akukudulani koma mukulandira thumba la ufa lokha, muzisunga mapepala a malipiro, muzilemba zimene mwapatsidwa mwezi uliwonse, ndipo mukapite nazo limodzi ndi anzanu ku ofesi ya zantchito yapafupi.