MAU ONENEDWA PA MSONKHANO WA NTHAMBI: ZA MZINDA WA BEIRA NDI MADZI

Lero tifuna tikambe za Beira. Kapena wina ali kufunsa mumtima kuti, kodi ife alimi a kumtunda tiri nayo chiani nyanja yamchere? Abale, feteleza wambiri amene tithira m'chimanga ndi mafuta a galimoto zimatsikira pa doko limenelo, ndipo fodya wathu ndi shuga zimaturukira pomwepo. Beira akamira, mitengo ya zinthu imakwera m'sitolo ya kwathu.

Mzinda umenewu unamangidwa pa dambo, pamene mtsinje wa Pungwe uthira m'nyanja, ndipo Buzi athira pafupi pomwepo. Malo ake ndi otsika kotero kuti nyanja ikadzaza, madzi a mvula asowa kopita. Tsono nyanjayo iri kukwerabe chifukwa dziko liri kutentha: chiyambire 1900 yakwera pafupifupi mainchesi 8. Pa phiri mainchesi 8 si kanthu, koma pa dambo ndi nkhani ina.

Usiku wa pa 14 Malichi 2019 anthu a ku Beira sadzauiwala. Namondwe wochedwa Idai anasasula madenga mumzinda monse. Ku Buzi anthu anakhala masiku pa madenga ndi m'mitengo kudikira mabwato. Mseu wopita ku Zimbabwe unaduka, kolera inabuka, ndipo m'Mozambique, m'Zimbabwe ndi kuno kwathu anafa anthu oposa 1,000.

Koma pali chinthu chimene tifuna muchimvetse bwino. Idai asanafike, mzindawo, pansi pa meya wake Daviz Simango amene anamwalira mu 2021, unali utakonza ngalande zazikuru za makilomita 11 ndi ndalama za World Bank. Anakumbanso chithaphwi chachikuru chosungira madzi a mvula. Kamtsinje ka Chiveve, kamene kanali katatsekeka zaka zambiri ndi matope ndi zinyalala, anakatsegula ndi chithandizo cha dziko la Germany, naika zitseko pamathiriro pake. Nchito ya zitsekozo njapafupi kuimva: nyanja ikakwera azitseka kuti madzi amchere asalowe, ikaphwa azitsegula kuti madzi a mvula aturuke. Ndipo m'malo amene munali ngalandezo madzi anaphwa msanga koposa kwina. Mphepo sanathe kuiletsa ai, ngalande siigwira denga, koma nyumba yopanda denga youma pansi iposa yopanda denga yodzala madzi.

M'mbali mwa Chiveve anabzalamonso mitengo ya mangrove, ija yomera m'matope amchere. Mizu yake imagwira gombe, imafooketsa mafunde, ndipo nsomba ndi nkhanu zimaswana m'menemo. Munthu woidula kuti aotche makala apeza ndalama za sabata imodzi, naononga chakudya cha msodzi cha zaka zambiri. Ife amene tinaona m'mene mitsinje yathu inachitira titadula mitengo ya m'mbali mwake sitifunika kuuzidwa kawiri.

Bvuto limene lakanika ndi la kusamutsa anthu. Atatha Idai, mabanja ambiri a m'malo otsika, monga asodzi a ku Praia Nova, anapatsidwa malo okwera cha ku Dondo. Malowo ngouma ndithu, koma msodzi adzadya chiani kutali ndi nyanja? Ena anabwerera ku gombe, ndipo Eloise anawapeza komweko mu Januwale 2021. Ife sitiwanena kuti ndi osamva. Abale athu a ku Nsanje ndi Chikwawa achita chimodzimodzi ndi madimba ao a m'mbali mwa Shire, chifukwa nthaka yopatsa chakudya ndi yomweyo imene madzi aikonda. Freddy, amene analowera cha ku Quelimane mu Malichi 2023, anapha anthu ochuruka ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, kutali ndi gombe.

Chomwecho tiri kupempha mafumu athu kuti pokamba ndi a Boma za malo osamukirako, ayambe afunsa za munda, chitsime ndi msika, nyumba pambuyo. Ndipo anyamata a nthambi ino ayendere mifuleni ndi makalavati a m'midzi yathu mvula isanagwe, atiuze pa msonkhano wa mwezi wa mawa amene atsekeka.