Chingwe Chimodzi ndi Gwero la Tsankho

Nkhani ya lero ikuchokera ku America. M'chaka cha 1954, katswiri wa maganizo a anthu, Muzafer Sherif, anasonkhanitsa anyamata 22 a zaka pafupifupi 11 kunkhalango ya Robbers Cave, ku Oklahoma. Onse anali azungu oleredwa mofanana. Anawagawa pawiri ndi kuwapikisanitsa pamasewera. Posakhalitsa chidani chinabuka: anatukwanizana, natentherana mbendera.

Kuwadyetsa pamodzi sikunathandize, pakuti ankagendana ndi chakudya. Tsono ofufuzawo anatseka madzi mwadala, nachititsanso kuti galimoto yokatenga chakudya ikane kulira. Anyamatawo anathandizana, nakoka galimotoyo ndi chingwe chomwe ankalimbirana kale. Pobwerera kwawo anapempha kukwera basi imodzi.

Chaka chomwecho, Gordon Allport analemba kuti kukumana kumachepetsa tsankho ngati magulu akumana monga ofanana, ali ndi cholinga chimodzi, ndipo malamulo akuwachirikiza. Apa ndi pamene pagona vuto pakati pa mtundu wochuluka ndi wochepa, chifukwa kawirikawiri wochulukawo ndiwo umagwira chingwe chonse. Ukapanda kusiyirako mnzake pogwira, kukhala moyandikana kokha sikungathetse tsankho.