Mawu otipweteka ndi ufulu woyankhula ku yunivesite

 

Funso lomwe mwandipatsa ndi ili: kodi yunivesite izilemba mndandanda wa mawu oyenera ndi osayenera, kapena kutero n'kutseka anthu pakamwa? Kunjaku nkhaniyi yavuta kale. Mu Disembala 2022 zinamveka kuti nthambi ina ya yunivesite ya Stanford ku America yalemba mndandanda wautali wa mawu omwe inkati ndi opweteka, mpaka liwu loti American linalimo. Anthu anaseka, ndipo mu Januwale 2023 anauchotsa. Chaka chomwecho ku Britain anakhazikitsa lamulo loteteza ufulu woyankhula m'mayunivesite.

Anzathuwo amakanganiranso he ndi she. Ife vuto limenelo tilibe. "Iye" ndi iye basi, wapampando ndi wapampando, kaya wavala suti kaya chitenje. Zathu zimapweteka pena. Mtsikana akaimika mkono kawiri m'kalasi amamva "akufuna aoneke". Akakhoza bwino amamva "wagona ndi ndani?" Akapikisana nawo pa chisankho cha ophunzira, liwu loti hule limafika pa gulu la WhatsApp iye asanamalize kufotokoza mfundo zake. Ndipo inu ochokera kuchigwa kuno muli ndi katundu wowonjezera. Kuyambira 2016, pomwe BBC inaulutsa nkhani ya Eric Aniva, kungotchula kuti kwathu ndi ku Nsanje ena amayamba nthabwala za fisi. Ndi atsikana angati amene amasiya Chisena pa Kamuzu Bridge n'kukachitenganso pobwerera ku holide?

Tsono kuti mawu amasintha zinthu, ine sindikayika. Liwu loti napweri linali pakamwa pa aliyense. Lero pa wailesi timamva "anthu achialubino". Timati "anthu aulumali". Koma taonani amene anasintha zimenezi: eni ake, polankhula mosatopa mpaka enafe tinachita manyazi.

Apa ndi pomwe ndikusiyana ndi asisi ena amene akufuna akuluakulu a sukulu atilembere mawu oletsedwa. Mphamvu yoletsa mawu m'dziko muno ili ndi mbiri yake, ndipo si yabwino. Mu 1987 a Jack Mapanje, mkulu wa nthambi ya Chingerezi ku Chancellor College, anatsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu mpaka 1991. Mu Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi, a Peter Mukhito, anaitanitsa Dr Blessings Chinsinga kukawafunsa za chitsanzo chomwe anapereka m'kalasi, chokhudza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja komanso zipolowe za ku Tunisia ndi Egypt. Aphunzitsi anakana kulowa m'kalasi. Amene anawatsogolera anali mayi, Dr Jessie Kabwila-Kapasula, ndipo iwo, a Chinsinga, a Garton Kamchedzera ndi a Franz Amin anachotsedwa ntchito. Anabwezeretsedwa mu Okutobala, maphunziro atasokonekera miyezi isanu ndi itatu.

Nkhani yomwe ndikufuna mupite nayo kwambiri ndi ya 1995. Amayi anayi a ku Chancellor College, a Isabel Phiri, a Linda Semu, a Flora Nankhuni ndi a Nyovani Madise, anachita kafukufuku wa nkhanza zokhudza kugonana komanso kugwiriridwa kwa atsikana pasukulupo. A Phiri atafotokoza zotsatira zake, nkhani n'kumveka pa wailesi, ophunzira ena anakagenda nyumba yawo. Mlandu wawo unali chiyani? Akuti ayipitsa dzina la sukulu, anyoza anyamata. Mwamva? Iwo ndi amene anaoneka kuti ayankhula mawu opweteka. Chaka chotsatira anapita kukaphunzitsa ku Namibia. Ndiye tikamapempha lamulo loti pasapezeke woyankhula zokhumudwitsa mnzake, tidzifunse kuti amene adzaweruze kuti wakhumudwa ndi ndani. Nthawi zambiri si mtsikana wa chaka choyamba wochokera ku Bangula ayi.

Musandimve molakwa. Mnyamata amene akukuitanani hule kenako n'kumati "ndi ufulu wanga woyankhula" akunama. Ndime 35 ya malamulo aakulu a dziko lino imapereka ufulu woyankhula, ndime 33 imateteza ufulu wa maphunziro, koma ndime 20 imaletsa tsankho potengera kuti ndinu mkazi kapena chiyankhulo chanu. Gender Equality Act ya 2013 imanena poyera kuti nkhanza zokhudza kugonana zitha kuchitika ndi mawu okha, munthu osakugwirani n'komwe, ndipo chilango chake ndi K1,000,000 ndi zaka zisanu kundende. Mphunzitsi amene akutsutsa mfundo zathu za ufulu wa amayi m'kalasi, tiyeni timuyankhe ndi mfundo, ngakhale atatikwiyitsa bwanji. Amene akukuuzani kuti mupite ku ofesi kwake madzulo "mukakambirane za magiredi", ameneyo ndi wa lamulo.

Malangizo a kayankhulidwe ngati alembedwa, alembedwe ndi ophunzira ndi aphunzitsi pamodzi, atsikana aulumali ndi oyankhula Chisena alipo, ndipo akhale ophunzitsa, osati chikwapu.

Sabata yoyamba mukafika, pemphani kope la ndondomeko ya sukulu yanu yothana ndi nkhanza zokhudza kugonana. Muwerenge kuti dandaulo limapita kwa ndani, limayankhidwa pakatha masiku angati, ndipo mungadutse kuti ngati wodandaulidwayo ali mkulu wa nthambi yanu. Uthenga wonyoza musaufufute, ujambuleni pa foni pooneka tsiku ndi nambala. Mukapeza kuti ndondomekoyo mulibe mayankho amenewa, tilembereni ku inbox.